Mutu 6: Khanda Limene Mudzi Unaopa Kuligwira

1. Katundu wa Idesi

Mvula inali itavumba kwambiri, ndipo njira yochokera ku Zingalume inali matope okhaokha. Amalume ake a Idesi, a Whiteson, ankakankha njinga patsogolo. Pakaliyala anali atamangapo bokosi lachitsulo ndi malamba a chubu. Idesi ankatsatira pambuyo, nsapato za kusukulu zili m'manja, khanda lili kumsana.

Bokosilo linali lake. Munali bulangete, yunifolomu, mbale ndi kapu. Idesi anali atakhoza mayeso a giredi 7, ndipo mwa atsikana onse a pasukulu yawo ndiye yekha amene anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Umu munali mu Januwale wa 1993, njala ya chilala chija isanachoke m'midzi. Sukulu inali itatsegulira kale, ndipo aphunzitsi anali atamuchenjeza kuti wochedwa malo ake amapatsidwa kwa wina.

Khandalo silinali lake. Linali la mkulu wake, Lydia, amene anapita ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'nyumba n'kubwerako ali ndi pakati, akutsokomola, nthiti zili poyera. Anabereka mwana wamwamuna, anamuyamwitsa pang'ono, kenako anamwalira. Bambo wa mwanayo panalibe amene ankamudziwa. Mayi awo a Lydia ndi Idesi anali atatsogola kalekale. Mwanayo anamutcha Eneya.

Kumudzi kwawo amati khanda limabadwa lozizira, pamene anthu a pabanja, amene amagona mphasa imodzi, ndi otentha. Munthu wotentha sagwira khanda mpaka bambo ndi mayi ake atalitengera kumphasa, ndiwo mwambo wolilimbitsa. Akaligwira, amati khandalo limatsempheka: limatupa miyendo ndi masaya, kenako limafa, ndipo mlandu umagwera amene analigwirayo.

Eneya analibe bambo kapena mayi woti amuchitire mwambowo. Maliro atatha, akazi onse a m'mudzi anabisa manja awo m'zitenje. Akazi awo a amalume, anaTembo, ankamusuzumira chapatali ngati khala lamoto. Wozizira amene anatsala pa mbumba ya Lydia anali Idesi yekha, mtsikana wosadziwa mwamuna. Choncho mwambo umene akuluakulu onse ankauopa anausenzetsa mtsikana, iwo n'kupita kukapalira chimanga chawo.

Idesi ankamumwetsa mwanayo madzi a shuga ndi kaphala kamadzimadzi ka chimanga chachikasu cha chithandizo. Ankamufunditsa nsalu mpaka kumapazi poopa mphepo. Zina sankazidziwa, ndipo panalibe amene anayandikira kuti amuuze.

2. Mawu a pansi pa mtengo wa mango

Atayandikira ku Pembamoyo, a Whiteson anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, n'kumuuza Idesi kuti akhale pamuzu. Anapukuta thukuta ndi chipewa, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba.

"Iwe Idesi, tchera khutu, chifukwa sindibwereza. Tisanafike ku boma kumene kuli sukulu yako tipatukira ku Betaniya, nyumba ija ya amayi a chigwirizano cha mpingo. Ine ndinafufuza kale. Ali ndi lamulo lawo. Mwana akakhala ndi abale, samulandira yekha. Amati pakhale mtsikana wa pabanja womulera pomwepo mpaka mwanayo atayamba kuyenda. Koma mwana wopanda mbale aliyense amangomulandira. Tsono pakamwa pakopo pakhale potseka. Ine ndikanena kuti mayi wake anali wothawa nkhondo wa ku Mozambiki, anafika pamudzi pathu akudwala n'kutifera pakhonde. Iwe uzikangogwedeza mutu. Othawa nkhondo ali mbwee m'dziko muno, palibe amene akakayike.

"Usandiyang'ane choncho. Ukuyesa ine ndilibe mtima? Lydia ndinamutsitsira m'manda ndi manja angawa. Koma wakufa wapita, wamoyo ndiwe. Ukatsala pamenepo, malo ako a kusukulu adya ena. Udzabwerera kumudzi ndi mwana wa eni kumsana, udzakwatiwa mitala, udzakalamba ndi khasu ngati amako. Kamwana aka n'kodwala kale, sitidziwa za mawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndimakudziwa iwe, pakamwa pako pali ngati tsabola. Lero lokha, meza."

Idesi sanameze msanga. Anafunsa ngati Karen, mwana wawo wa amalumewo, amene anasiya sukulu yekha chifukwa cha ulesi, sanali wozizira nayenso. A Whiteson anayankha kuti Karen ndi wa mbumba ya kwa amake, ndipo abale a anaTembo sangalole kuti mwana wawo akalere khanda la mbumba ina. Idesi anafunsanso ngati mwambo umaletsa mwamuna kukafuna mkaka wa ng'ombe kwa anzake a makola. Apa amalumewo anangoti asawaphunzitse ntchito, n'kugwira zogwirira za njinga.

Anapitiriza ulendo. Idesi ankayang'ana bokosi lija likugwedezeka pakaliyala. Ankalifuna bokosilo, ndipo ankakufuna kumene linkapitako. Atafika pamphambano, anali atavomera mumtima kuti akagwedeza mutu.

3. Betaniya

Nyumba ya Betaniya kale inali shedi yosungiramo thonje. Amayi a chigwirizano anaipempha, anaigawa zipinda ndi njerwa zosawotcha, n'kuipaka laimu. Pabwalo panali mzere wa anthu odikira phala: nkhalamba zokhala pansi, bambo wakhungu wogwira ndodo, ana a tsitsi lofiira onyamula zitini. Panalibe woseka kapena wokangana ndi mnzake.

Woyang'anira nyumbayo anali anaMvula, mayi wamasiye wamtali, wa duku loyera, amene kale ankathandiza azamba pakiliniki. Anawalandira alendowo pakhonde, anawapatsa mpando ndi mphasa, n'kupepesa kuti chowapatsa ndi madzi okha.

A Whiteson anafotokoza nkhani yawo bwinobwino, ngati munthu wowerenga. Ananena za mayi wa ku Mozambiki, za nsanza zimene anavala, za mmene mudzi unamuikira mwachifundo ngakhale sunkamudziwa. Anawonjezera kuti iwo ndi munthu wopemphera, sakanatha kuona khanda likufa. AnaMvula ankamvetsera uku akuyang'ana bokosi la panjinga, nsapato za m'manja mwa Idesi, ndi mmene chitenje chinamangidwira pachifuwa pake. Kenako anafunsa mtsikanayo ngati zinalidi choncho.

Idesi anagwedeza mutu.

AnaMvula anati ngati zili choncho, mwanayo amulandira. Koma anati pa Betaniya pali kachitidwe kamodzi: amene wabwera ndi mwana kumsana ndiye amakamugoneka yekha pabedi ndi manja ake. Antchito a panyumbapo salandirira mwana pakhomo ngati thumba la ufa. A Whiteson anati zimenezo n'zabwino, iwo adikira panja, koma Idesi afulumire chifukwa kukuchita mitambo.

Chipinda choyamba chinali cha phokoso. Munali atsikana a msinkhu wa Idesi, ena ocheperapo, aliyense ndi khanda lake. Wina ankasinja, mwana akudumphadumpha kumsana. Wina ankakalipira mnzake kuti wamubera thewera. Munkanunkha utsi ndi mikodzo, ndipo ana ankalira mopikisana. Mtsikana wina wa mano otalikirana anamuyang'ana Idesi kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zija, n'kunena kuti nayenso anabwera nazo zotero, pano akusungiramo sopo. Anzake anaseka. AnaMvula anati awa ndiwo ana okhala ndi abale.

Anadutsa kakhonde ka mkati n'kutsegula chitseko china.

M'chipinda chachiwiri munali zii. Timabedi ta matabwa tinali m'mizere iwiri, kuyambira kukhomo mpaka kuzenera. Munali mosesa bwino, ndipo nsalu zinali zochapa. Mayi mmodzi wachikulire, anaNkhoma, ankayenda kuchoka pabedi ili kupita pa linalo ndi kapu ndi supuni. Idesi poyamba anayesa kuti anawo ali mtulo. Atayandikira anaona kuti maso awo ali chitsegulire. Ankayang'ana kudenga. Mmodzi ankayamwa nkhonya yake. Wina ankagubuduza mutu uku ndi uku, osaleka. Panalibe amene anatembenuka kuti aone amene walowa.

Pazenera pankaoneka munda wa chinangwa, ndipo kuseri kwa mundawo kunali timitumbira tating'ono, tina tometa udzu, tina ta dothi lofiira.

Idesi anafunsa chapansipansi chifukwa chake anawa sakulira.

4. Mawu a anaMvula

"Analira, mwanawe," anatero anaMvula. "Onse amabwera akulira. Amalira mpaka kudziwa kuti palibe amene akubwera, ndiye amaleka. Usawaone moipa anaNkhoma awo. Manja ali nawo awiri ngati iwe, msana umodzi. Akamamaliza kumwetsa wa kuzenera, wa kukhomo njala yamugwiranso. Mkaka timawapatsa wofanana ndi wa ana a chipinda chija, chitini chake chimodzimodzi. Koma kumanda uko ambiri achokera muno. Ndagwira ana zaka zambiri, ndipo ndaona kuti khanda silikula ndi mkaka wokha. Limafuna msana. Limafuna munthu woti likakomoka pakati pa tulo azindikire. Lamulo lathu lija anthu amati ndi nkhanza. Sitinalitenge m'buku ayi, tinaliphunzira kuseri kwa chinangwa uko.

"Tsono ndikuuze zonse, ungadzati anaMvula anandinamiza. Bokosi lako ndaliona. Sukulu ndi chinthu chabwino, ndipo ine ndikanakhala ndi mwana wamkazi ndikanamuthamangitsira komweko ndi chikoti. Atsikana a chipinda chija ambiri sabwereranso m'kalasi. Amabwera ndi nsapato, amachoka ndi ming'alu kumapazi. Abale awo amalonjeza kuti azibwera ndi ufa, koma timawaona tsiku lomwelo basi. Si chilungamo, ndipo sindinganene kuti ndi chilungamo. Amuna amene anabereka ana awa ali kumowa, ena ali pamipando ya kutsogolo m'tchalitchi. Wosenza ndi mtsikana nthawi zonse.

"Komanso dziwa ichi. Mwana amene walowa muno ngati wopanda mbale, timamupatsa dzina ife. Akakhala ndi moyo, amakula osadziwa mfunda wake, osadziwa kumene kuli manda a amake, alibe munda woti adzati uwu ndi wa kwathu. Ine sindikukakamiza, ndipo sindikufunsanso kachiwiri. Amalume ako anena zawo, iwe wagwedeza mutu. Bedi ndi ilo."

Analoza kabedi ka pakati pa mzere. Panali poyala kale. AnaMvula anati mwini wake anamuika m'manda dzana.

5. Chimene Idesi anachita

Idesi anawerama, anamasula mfundo ya chitenje, n'kumutsetsereza Eneya kuchoka kumsana kufika m'manja. Anali wopepuka ngati nkhuku. Anamugoneka, anamufunditsa, anakonza kansalu ka kumutu. Mwanayo atamva kuzizira kwa mphasa ya pabedi anayamba kulira, kakulira kake kowonda kaja. AnaNkhoma sanacheuke. Anali pakati pomwetsa wina.

Idesi anatola nsapato zake. Kumsana kwake kunali konyowa ndi thukuta, ndipo tsopano mphepo inkamulowa. Anayenda osacheuka, anadutsa mabedi onse, anatuluka pachitseko. Kulira kuja kunkamutsatira m'kakhonde. Analuma mlomo n'kupitiriza. Anali atazolowera kulira kwa Eneya, ndipo akanatha kukupirira mpaka panja.

Kenako kulirako kunaleka.

Mwina mwanayo ankangokoka mpweya. Mwina anali atatopa. Koma chipinda chija chinabwerera pa zii wake uja, ngati simunalowe mwana watsopano. Idesi anaima. Nsapato zinagwa pansi. Anabwerera chothamanga, anamupeza Eneya ali maso kudenga ngati anzake, anamunyamula, n'kumuponya kumsana mwamphamvu moti mwanayo anayambiranso kulira.

Anamanga chitenje, anakoka mfundo, n'kuyang'ana anaMvula m'maso.

"Dzina lake ndi Eneya. Mayi wake ndi Lydia, mkulu wanga, bere limodzi. Si wa ku Mozambiki. Ndi wa ku Zingalume, ndipo mbale wake ndine."

AnaMvula sanamuyamikire. Anangoti ankadziwa, chifukwa munthu samanga mwana wa mlendo mmene iye anamangira. Anatola nsapato zija, anamupatsa, n'kunena kuti tsopano akawauze amalume ake yekha.

6. Pakhonde

A Whiteson ataona khanda likadali kumsana, anaimirira. Anafunsa ngati mabedi atha. Idesi anayankha kuti bedi lilipo, koma iye wanena zoona. Amalumewo anamuyandikira n'kumunong'oneza kuti wapenga, abwerere msanga akanene kuti anasokonezeka. Apa tsabola uja anatuluka yense, ndipo anthu a pamzere wa phala anamva.

"Amalume, Lydia akatumiza shuga ndi sopo kuchokera ku Lusaka munkati mwana wanga, mwana wanga. Jekete mwavalayo anagula ndani? Lero wasanduka wa ku Mozambiki? Inu ndinu mwini mbumba. Mbumba yake iti, ngati mukuikana pamaso pa anthu? Mwanayu mudzi wonse unamuthawa, n'kundisiyira ine. Sukulu ndimaifuna kuposa wina aliyense, ndipo amene mwandilanda ndinu, osati iye."

Bambo wakhungu uja anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo. Nkhalamba ina inati mtsikanayo alibe ulemu, inzake inati koma bodza alibe. A Whiteson, manyazi atawagwira, anakweza dzanja kuti amumenye. AnaMvula analowa pakati, n'kunena kuti pa Betaniya samenyerapo munthu, ndipo popeza mwanayo akhala, ayambe amuyeza.

Sikelo inali yopachika pamtanda wa khonde. AnaMvula anamuuza Idesi kuti amuvule mwanayo zonse. Idesi anachotsa kansalu ka kumutu, kamalaya, kenako nsanza zimene ankamukulungira kumiyendo.

Mapazi a Eneya anali otupa, khungu likunyezimira. AnaMvula anadina ndi chala pamwamba pa phazi, ndipo atachotsa chalacho, padinapo panatsala kadzenje. Anafunsa kuti mwanayo wakhala akudya chiyani. Idesi atawauza, anaMvula anapukusa mutu n'kunena kuti imeneyi ndi njala, aionapo kambirimbiri chaka chino, ndipo mkaka ukhoza kumubweza ngati sanachedwe naye.

Koma a Whiteson anali atabwerera m'mbuyo, manja atawabisa kumsana. Ankayang'ana mapaziwo. Manyazi aja anali atachoka pankhope pawo, ndipo m'malo mwake munabwera chinthu china.

"Njala?" anatero pang'onopang'ono. "Ife kwathu kutupa uku timakudziwa dzina lake. Mkazi wanga sanamugwirepo mwanayu. Ine sindinamugwirepo. M'mudzi monse wamugwira ndi munthu mmodzi yekha, amene tinkayesa kuti ndi wozizira."

 Akazi a pamzere anayang'ana pansi. Idesi anachedwa kumva tanthauzo lake. Amalume ake ankanena pamaso pa anthu kuti iye wadziwa mwamuna, ndipo kuti ndiye akupha mwana wa mkulu wake. Idesi anayamba kulira.

AnaMvula anabwereza kuti ndi njala, anatchula ana a chipinda choyamba chija amene anabwera otupa n'kuphwa ndi mkaka. A Whiteson anati iwo satsutsana ndi amayi a mpingo, aliyense ali ndi nzeru za kwawo. Anamasula malamba a chubu, anatsitsa bokosi lija n'kuliika m'matope. Anati nkhani yotere si ya mwamuna, ndi ya anamkungwi, akazi aakulu olangiza atsikana, ndipo iwowo abwera kudzamufunsa Idesi bwinobwino. Anatembenuza njinga, osaloza ku boma koma ku Zingalume, n'kukwera.

Idesi anawayang'ana mpaka anabisika ndi chimanga. Mvula inayamba kuwaza pabokosi. Mtsikana wa mano otalikirana uja anatuluka, osaseka tsopano, n'kulikokera pakhonde.

AnaMvula anabwera ndi kapu ya mkaka wofunda ndi supuni. Anamukhazika Idesi pamphasa, anamuika mwanayo pamiyendo, anamukwezera kamutu.

"Lira uku ukumwetsa," anatero. "Akazi a ku Zingalume akamafika, amupeze mwanayu ali moyo, mapazi akuphwa. Akamupeza kuseri kwa chinangwa, palibe amene adzakukhulupirire, ngakhale ine nditalumbira ndi Baibulo m'manja."

Idesi anatunga mkaka n'kufikitsa supuni pamlomo pa mwanayo. Eneya anatembenuza mutu, n'kutseka pakamwa.